Kabuleta ya Abambo

Pikapu ya abambo inali yachikulire kuposa ine. Anaigula kwa mlimi wina wa fodya wa ku Mponela chaka chimene anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo ngakhale pa nthawiyo inali itatopa kale. Poyamba inali yabuluu, koma dzuwa ndi fumbi la ku Dzoole zinaisandutsa yotuwa. Chitseko cha kumanzere tinkachimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Komabe injini yake inkalira bwino, moti ikamatsika chitunda cha kuseri kwa tchalitchi, anthu ankaizindikira asanaione. Inanyamula mabelo a fodya, matumba a feteleza, makwaya opita ku maukwati, ndiponso amayi ambiri apakati opita kuchipatala ku Mtengowanthenga. Ana angapo a m'mudzi mwathu anabadwira kumbuyo kwa pikapuyo, ulendo uli pakati.

Abambo sankalola munthu wina kutsegula boneti. Zokonza galimoto anaziphunzira okha, pofunsafunsa kwa amakaniko ndi kumasula zinthu mpaka atazimvetsa. Loweruka m'mawa ankaimika pikapu pansi pa mtengo wa mango, n'kuyala thumba pansi, n'kundandalika masipanala kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Amayi akawaona ankati, "Ine ndili pa mitala, mkazi mnzanga ndi uyo amamwa petuloyo." Abambo ankangoseka mutu uli mu injini.

Amayi atamwalira tinakawaika kwawo, ku mapiri a ku Ntchisi. Abambo anatsala pakhomo ndi msuweni wathu wina wamasiye amene ankawaphikira. Ana tilipo awiri okha. Ine ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Mponela, ndipo achimwene anga aakulu ankagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe.

Chaka chotsatira maso a abambo anayamba kuchita ng'ala, koma ankabisa. Pa mapemphero ankatsegula Baibulo paliponse n'kumanena mavesi a pamtima, ife n'kumati akuwerenga. Tinadzazindikira tsiku limene anagunda njinga pamsika wa Mponela. Njingayo inali yoimika, itanyamula dengu la tomato. Palibe anavulala, koma tomato anamwazika msewu wonse. Mwini wake anali munthu amene abambo anamuphunzitsa kale, choncho sanafune kukoka nkhani. Anangotola njinga yake n'kunena kuti, "Aphunzitsi, muziyenda bwino."

Achimwene atamva anabwera sabata yomweyo. Anakhala pakhonde ndi abambo, ine ndili chapatali kusenda mbatata.

"Abambo, makiyi aja tipatseni," anatero achimwene. "Lero ndi tomato, mawa adzakhala mwana wa munthu."

"Msewu umenewu ndinayamba kuuyenda inu musanabadwe," anayankha abambo.

Abambo akayamba kutitchula kuti inu, tinkadziwa kuti nkhani yathera pomwepo. Ineyo mumtima ndinkagwirizana ndi achimwene, koma pakamwa pankalemera. Munthu anali atangotaya mkazi, maso akupita, ndiye tiwalandenso chinthu chokhacho chimene chinkawadzutsa m'mawa? Achimwene anagona pakhomopo usiku umenewo, ndipo mawa lake anabwerera ku Lilongwe ali ndwii.

Pasanapite nthawi pikapu inayamba kudwala. Ukailiza inkalira, ukamaponda moto inkayenda, koma ukangochotsa phazi inkanjenjemera n'kuzima. Abambo ankaiyendetsabe choncho, phazi limodzi pa moto, lina likuvinavina pakati pa buleki ndi kilachi. Kenaka kunabwera vuto lachiwiri. Petulo anayamba kununkha pabwalo ponse, ndipo pansi pa injini pankakhala chibanga chonyowa. Nthawi imeneyo mafuta ankasowa, anthu ankagula a m'zigubu kwa mavenda, ndiye dontho lililonse linkawawa. Apa abambo anaimika galimoto. Anayesa kumasula okha, koma tizitsulo ting'onoting'ono tinkawapulumuka n'kugwera m'fumbi, osationanso.

Sukulu zitatsekera m'mwezi wa Ogasiti ndinapita kumudzi. Tinali titagwirizana kuti m'chilimwe chimenecho timange chiliza cha amayi, ndipo abambo anali atanenetsa kuti simenti ndi mwala adzazinyamula okha pa pikapu. "Anakwera galimoto imeneyi zaka zonsezi," ankatero. "Mwala wake usakwere ya eni."

M'mawa wina titamwa tiyi anandiitana.

"Mwananga, ndibwereke maso ako ndi zala zako. Zina zonse ndili nazo."

Ndinali ndisanagwirepo sipanala chibadwire. Ndinavala chitenje chakale ndi malaya awo a kumunda. Choyamba tinakankha pikapu kuichotsa pafupi ndi khitchini ndi chigafa cha fodya. Msuweni wathu anauzidwa kuti tsiku limenelo mbaula isayandikire kumtengo wa mango. Kenaka anandiuza kuti ndimasule waya wa batire. "Petulo saopa mphunzitsi," anatero.

Atatsegula boneti anagwira dzanja langa n'kuliika pa chinthu chonga poto chimene chinali pamwamba pa injini. Chimenecho chinali chosefera mpweya. Titachichotsa, pansi pake panaoneka kachitsulo kotuwa, konyowa, kokhala ndi timapaipi ndi timawaya.

"Iyi ndiye kabuleta," anatero, mawu awo atasintha kukhala a m'kalasi. "Ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya. Petulo akachuluka, injini imatsamwa. Akachepa, imafa ndi njala. Tandiuza, panyowa pati?"

Ndinapukuta ndi kansanza n'kuyang'anitsitsa. Iwo anapopa mafuta ndi dzanja pa kapampu ka m'mbali mwa injini. Paipi yobweretsa petulo inali youma. Koma pa mzere pamene chivundikiro chimakumana ndi thupi la kabuleta, petulo anayamba kutuluka ngati thukuta, n'kumatsetserekera pa chitsulo cha utsi chimene chimatentha kwambiri galimoto ikamayenda. Nditawauza anangoti, "Ambuye anatisunga."

Tinamasula chivundikirocho. Sikuluwu iliyonse ankati ndiziika m'mbale ya enamulo, osati pansi. Mkatimo munali ngati kabakuli kodzaza petulo mpaka pakamwa, ndi kachinthu kamkuwa konga dzira la nkhunda.

"Kameneko ndi fuloti," anatero. "Ukudziwa mpira uja wa mu thanki ya chimbudzi cha madzi? Madzi akadzaza umayandama n'kutseka. Akanso n'chimodzimodzi. Petulo akakwera, kamayandama n'kukankha kasingano kotseka khomo. Kayandama kapena kamira?"

"Kali pansi, abambo."

"Tandipatsa."

Anakatengera kukhutu n'kukagwedeza. Ankamwetulira ngati mwana amene wapeza mbewa m'una. Anakaika pakhutu langa, ndipo ndinamva kuti tchuku tchuku. Petulo anali atalowa mkati mwake. Kanthu kamene kanayenera kuyandama kanali katalemera n'kumira, choncho khomo silinkatsekeka, ndipo mafuta ankangolowa mpaka kusefukira.

Kuti tipeze pobooka, msuweni wathu anatenthetsa madzi kukhitchini n'kubweretsa m'kapu. Ndinamiza fulotiyo, ndipo posakhalitsa timathovu tinayamba kutuluka motsatizana pa msoko wake. Ndinazunguliza malowo ndi pensulo. Fuloti yatsopano ya galimoto ngati imeneyo sikanapezeka ku Mponela, mwina ngakhale ku Lilongwe. Ndiye tinaiyanika padzuwa mpaka petulo yense atauma, ndipo mawa lake ndinakwera kabaza kupita nayo kwa bambo wina wokhoma zidebe kumsika. Abambo anandilangiza kuti ndikamuuze aike mtovu wochepa zedi, kuopa kuti ingalemerenso. Bamboyo anaitembenuza m'manja n'kufunsa kuti, "Ndi ya aphunzitsi aja iyi? Ikadali ndi moyo galimoto ija?" Anadontheza kadontho kamodzi kokha, n'kupala ndi mpeni.

Gasiketi, kapepala kamene kamakhala pakati pa chivundikiro ndi thupi, inali itauma n'kuthetheka. Ina tinaidula pa chikuto cholimba cha katoni. Abambo anandiphunzitsa kupaka girisi pang'ono pa chitsulo, kusindikiza katoniyo, kenaka kudula motsata chidindo chake. Ndinaononga ziwiri. Yachitatu anaisisita m'mbali monse ndi chala n'kunena kuti, "Wakhoza." Mawu amenewo ndinali nditawamva komaliza ndili ku pulayimale, ndipo ndinadabwa kuti anandikomerabe chimodzimodzi, ine mayi wa ana akuluakulu.

Tinatsuka kasingano, tinabwezera zonse, tinamanga batire. Abambo anakhala pa chiwongolero, anakoka choko, kabatani kothandiza kudzutsa injini ikazizira, injini n'kulira. Ndinayang'ana pa mzere paja: pouma gwa. Ndinafuula ngati ndagoletsa chigoli. Koma injini itatentha, anabweza choko n'kuchotsa phazi. Pikapu inanjenjemera, inatsokomola, n'kuzima.

Abambo anatsika m'galimoto. Iwo ankaganiza kuti matenda anali amodzi, kuti petulo wosefukira uja ndiye ankatsamwitsa injini. Tsopano zinaoneka kuti matenda analipo awiri.

"Chabwino," anatero. "Tiyambe ndi zophweka."

Anandiuza kuti ndisisite timapaipi tonse ta mphira kuona ngati pali kong'ambika kamene kakuba mpweya. Panalibe. Anati ndimange manati a pansi pa kabuleta. Anali olimba kale. Kenaka tinamasula kachitsulo kamkuwa kokhala ndi kabowo kakang'ono ngati ka singano, kamene amati jeti, komwe kamadyetsa injini galimoto ikaima. Iwo ankakayikira zinyalala za petulo wa m'zigubu. Ndinakaloza kudzuwa, kuwala kunadutsa. Ndinafuna kutokosa ndi waya, koma anandigwira dzanja. "Ayi, ukulitsa bowo. Uzira ndi pakamwa." Ndinauzira, milomo yonse petulo yekhayekha. Tinabwezera, tinaliza, inazimanso.

Dzuwa linali litafika pamutu. Msuweni wathu anaitana kuti chakudya chapsa, koma abambo sanamve. Anaweramira mu injini, n'kumapapasa m'munsi mwa kabuleta mpaka chala chawo chinafika pa sikuluwu ina yokhala ndi kasipuling'i. Analowetsa chikhadabo mu mpata wake, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Mzere wa sikuluwu iyi waloza kuti?"

"Waloza kumwamba, abambo."

"Umayenera kuloza ku batire. Ndinaitchera ndekha amayi ako akadali moyo. Taipotoza kumanja, pang'onopang'ono."

Ndinayesa, koma sinasunthe. Inali yomangidwa mpaka pamapeto. Anandifotokozera kuti sikuluwu imeneyo ndiyo imapima petulo amene injini imamwa phazi likachoka pa moto. Ukaitseka yonse, galimoto imayenda ukamaponda, koma ukangosiya imafa.

"Mwina yadzimanga yokha ndi mabampu a msewu," ndinatero.

"Mabampu amamasula, samanga," anayankha. "Ndiponso kasipuling'i aka ntchito yake ndi yomweyo, kuti isayende yokha. Pali munthu anagwira apa."

Sanatchule dzina, ndipo ine sindinafunse. Tonse tinkadziwa amene anagona pakhomo pano matenda asanayambe, amenenso ali mnyamata ankaimirira pambali pawo Loweruka lililonse n'kumaonerera.

Anandiuza kuti ndibweze sikuluwuyo kumanzere pang'ono, kenaka analiza injini n'kutsika. Anatsamira pa galimoto maso atatsinzina. "Bweza. Bwezanso. Ima. Wapitirira, bwerera pang'ono." Injini imene inkatsokomola inayamba kukhazikika, mpaka inafika polira mofatsa, mosadumphadumpha. Ndinayang'ana mzere uja, ndipo unali utaloza ku batire. Ndinayembekeza kuti asangalala, koma anangozimitsa, n'kukhala pa thumba lija.

"Umuimbire mchimwene wako," anatero. "Umuuze kuti ndikumufuna."

Achimwene anafika Loweruka masana. Anapeza pikapu ikulira yokha pansi pa mtengo, abambo atakhala pa mpando pambali pake. Ndikukhulupirira kuti anailiza dala atamva kabaza akubwera. Achimwene anaima, chikwama chili m'manja, ndipo sanayese n'komwe kukana.

"Ndine, abambo. Ndinkati ikamavuta muisiya."

"Mukanati mubise makiyi, ndikanakalipa n'kuiwala," anatero abambo mosakweza mawu. "Koma inu munaipundula n'kundisiya ndiziyenda nayo. Mukudziwa kumene inandizimira? Pa mphambano yolowera mu msewu waukulu, mphuno ili kale pa tala, chithiraki chikubwera. Anandikankha ndi amayi ogulitsa nzimbe."

Achimwene anakhala pansi, pa fumbi pomwepo, ndi buluku lawo la ku ofesi. Izi sankazidziwa, ndipo inenso ndinkazimva koyamba. Nditawauza za petulo amene ankadonthera pa chitsulo chotentha, achimwene anatembenukira kwa abambo.

"Zimenezonso ndine ndinachititsa?"

Abambo akanatha kungokhala chete, ndipo achimwene akanasenza zonse. Koma anapukusa mutu. "Ayi. Chimenecho ndi ukalamba wa fuloti. Usadzisenzetse katundu amene si wako."

Ndinaona kuti asiya kuwatchula kuti inu, abwerera pa iwe. Achimwene nawonso anamva, chifukwa ndi pamene analira. Ananena zambiri, zina zosamveka. Anati chiikireni amayi sagona bwino, foni ikalira amaganiza kuti ndi uthenga wa ngozi, ndipo sakanapirira kuika kholo lachiwiri kapena kukaima pa maliro a mwana wa eni. Abambo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ine sindikuona, ndikudziwa," anatero kenaka. Kanali koyamba kuvomera ndi pakamwa pawo. "Tsiku la tomato lija sindinaione njinga ngakhale pang'ono. Koma ndinkati ndikapereka makiyi, mudzaigulitsa kwa a zitsulo zakutha, ine n'kumangokhala pakhonde kudikira tsiku langa."

"Sitigulitsa," anatero achimwene.

"Ndiye aziyendetsa ndani? Iwe uli kutauni."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinali nditanyamula beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndinatsala pang'ono kuligwetsa.

Ndinaphunzirira pa bwalo la mpira la sukulu ya m'mudzimo, tchuthi chonsecho. Abambo ankakhala kumanzere, atagwira mphira wa chitseko, n'kumandiphunzitsa ndi makutu. "Yalira kwambiri, sintha giya. Kilachi usaiponye, uziiperekeza." Ndikaizimitsa ankati, "Imeneyo si kabuleta, ndi phazi lako." Anthu ankaima m'mbali mwa bwalo kudzaonerera, amayi ena n'kumaimba nthungululu ndikakwanitsa kubwerera m'mbuyo osagunda golo. Ndinapitiriza Loweruka lililonse sukulu zitatsegulira, ndipo achimwene anandithandiza kulondola za laisensi ku Lilongwe.

Ku Ntchisi tinapita mvula itatsala pang'ono. Kumbuyo kunali simenti, mwala wa amayi utakulungidwa m'bulangete, ndi achimwene atakhala pa thumba, atausamalira pa mabampu. Misewu ya kumapiri kuja ndi yokhotakhota, ndipo mbali ina kumakhala phompho. Pa chitunda china chachitali tinakumana ndi ngolo ya ng'ombe itatseka njira, ndipo ndinayenera kuima pakati pa phiri. Ndinaponda buleki mtima uli m'mwamba, kudikira kuti injini izime. Sinazime. Inangolira mofatsa mpaka ngolo inapatuka. Abambo anagogoda galasi la kumbuyo n'kufuulira achimwene kuti, "Wamva?" Achimwene anayankha kuti, "Ndamva, abambo!"

Abale a amayi anatilandira ndi chimwemwe, ndipo azakhali ena anazungulira galimoto kawiri kufuna dalaivala, osakhulupirira kuti ndi ine. Chiliza tinamanga bwino. Abambo sankatha kuwerenga zolembedwa pa mwala, choncho anagwada n'kutsata chilembo chilichonse ndi chala.

Nkhani ya kuchipatala cha maso anali akuikana kwa nthawi yaitali. Ankaopa kuti akawakhudza ndi mpeni, kuwala kochepa kumene kunatsalako kudzatheratu. Koma titabwerako ku Ntchisi anavomera okha, ndipo achimwene anakonza zonse. Anawachita opaleshoni diso limodzi. Linalo madokotala anati linali ndi vuto lina lakale, silingathandizike.

Tsiku lochotsa bandeji ndinapita kukawatenga pa pikapu. Anatuluka atavala magalasi akuda, achimwene atawagwira pa mkono. Atafika panja anavula magalasiwo, n'kuyamba kuyang'ana ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, imvi zimenezi zinayamba liti?"

"Kalekale, abambo."

Kenaka anatembenukira ku galimoto. Anaizungulira pang'onopang'ono, kuona dzimbiri la m'matayala, galasi long'aluka, bampala lopindika la tsiku la tomato lija. Anagwira pakamwa.

"Ndiye mwakhala mukundilola kuyenda m'chinthu chooneka chonchi? Pamaso pa anthu?"

Tinaseka mpaka mlonda wa pachipata anabwera kudzaona. Ndinatulutsa makiyi n'kuwapatsa, chifukwa ndinkaganiza kuti tsopano awafuna, ndipo achimwene sanaletse. Abambo anawagwira kanthawi, n'kundibwezera.

"Diso limodzi ndi lowerengera Baibulo," anatero. "Yendetsa. Koma tidzere ku Mponela, tikafunse utoto."

Anaipenta okha ndi bulashi ya m'nyumba, mwezi wathunthu, tsiku lililonse kachigawo. Mizere ya bulashiyo imaoneka ngakhale uli patali, ndipo utoto wina unadonthera pa magetsi a kutsogolo. Titawauza anati ife ndi amene tili ndi vuto la maso.